Galimoto Yogogoda ndi Mwala wa aNaphiri

Lolemba

Mwala wa chiliza cha aNaphiri, malemu akazi anga, uli pabalaza, watsamira khoma. Wabwera pa lole ya fodya kuchokera kwa Chamama. Dzina analemba bwino. Loweruka likubwerali tikauimika kwawo kwa Lukwa, kumene anagona. Chaka chakwana.

Alamu anga a Dzoole, achimwene awo a malemu, atumiza uthenga: "Musavutike, titumiza ngolo." Ndayankha kuti zikomo, koma mwala ubwera pa galimoto, mpando wakutsogolo. Ndi pamene ankakhala eni ake, masiku amene sankaikankha.

Galimotoyo anandisiyira ndi bwana wa esiteti pochoka, ine ndili kalaliki wa pasikelo. Yobiriwira, yaitali mphuno, yaikulu msinkhu kuposa mwana wathu woyamba. Vuto lake ndi limodzi: ikugogoda. Pathyathyathya imayenda mwaulemu, koma ikangoona chitunda, m'injini mumamveka ngati wina akugwedeza misomali m'chitini. Kuno chitunda ndi chimodzi chokha, cha kutsidya kwa dambo. Chili panjira ya kwa Lukwa.

Kabuku kake kakuti injini iyi imapanikiza kwambiri, ndiye imafuna petulo wa okiteni yokwera. Mmene ndamvera ine, okiteni ndi kupirira kwa petulo. Wabwino amadikira moto wa pulagi. Wofooka amaphulika nthawi isanakwane, ndipo kugogodako n'kumeneko. Petulo wopirira anasiya kubwera kalekale. Masiku ano ngakhale wamba ku boma kulibe. Tikugula wa m'zigubu, wosakaniza ndi palafini.

Zofunika sabata ino:
kukweza okiteni
kupopa matayala
bulangete lokutira mwala
kuthirira nazale ya fodya, imene dzulo sindinaithirire

Lachiwiri

Ndaitana a Jelasi, makanika amene anakwatira m'mudzi muno. Amvetsera injini atatsinzina.

"Madala, mukakwera nayo chitunda chonchi pisitoni ibooka. Bwanji ndingoibwezera tayimingi pang'ono, moto wa pulagi uzichedwerako? Isiya kugogoda, kungoti iziyenda ngati yadzuka ndi malungo."

Ndakana. ANaphiri sangafike kwawo mokwawa, anthu akuona.

Ndiye a Jelasi akuti ndithire m'thanki timibulu toyera tija toteteza zovala ku njenjete. Akuti azungu ankatero. Sananene kuti azungu ake ati.

Timibulu tili m'sutikesi ya aNaphiri. Sindinaitsegulepo chichokereni maliro. Pamwamba pali bulauzi yoyera ya Mvano ndi duku, zopindidwa mmene anapindira okha. M'makona muli timibulu tisanu ndi tiwiri. Ndatenga tisanu. Ndatseka. Ndakhala kaye pabedi.

Masana ndatiphwanya ndi supuni n'kuthira. Injini yadzuka. Utsi wake ukununkhira ngati tchalitchi tsiku la ubatizo. Ndayenda mpaka pamjigo, yazima. Timibulu tatseka kabuleta.

Andikankha ndi amayi anayi amene amatunga madzi. Mmodzi akupuma wati, "Malemu ankakankha okha imeneyi? Analidi munthu wamphamvu."

Analidi.

Lachitatu

M'mamawa kutsuka kabuleta ndi nthenga ya nkhuku.

A Jelasi abwera ndi nzeru ina. Akuti mowa woyera umakweza okiteni, ndipo ngakhale petulo wa pafilingi amathiramo wa nzimbe. Izi ndinazimvapo pawailesi, n'zoona. Mowa woyera wapafupi ndi kachasu wa mayi Nachisale.

Ndine mkulu wa mpingo kwa zaka makumi awiri. Ndasankha kupitako cha m'ma teni koloko, nthawi imene anthu amakhala kumunda akusosa. Ndaiwala kuti lero ndi tsiku loitana mayina a makuponi a feteleza pabwalo la sukulu. Bwalolo layang'anizana ndi khonde la mayi Nachisale. Midzi inayi yakhala pansi, ilibe choyang'ana china.

Mayi Nachisale salankhula motsitsa.

"Wamutu kapena wamba, akulu a mpingo?"

Ndati wamutu, mabotolo atatu, ndi wa galimoto.

"Musachite manyazi. Ena amati ndi wa dzino."

Adontheza pang'ono pansi n'kuyatsa machesi kuti ndione mphamvu yake. Wayaka buluu. Anthu onse aonanso.

Nthawi yomweyo amene akuwerenga mayina aitana dzina langa. Dzina likadutsa silibwerera. Ndadutsa pakati pa midzi inayi mpaka pathebulo, jumbo ili m'manja, mabotolo akulira. Kuponi ndalandira.

Madzulo ndachotsa petulo wa timibulu m'thanki. Paipi imafuna kuyamwa ndi pakamwa. Kenaka ndasakaniza petulo watsopano ndi kachasu m'chigubu, ndayamwanso kuti alowe. Mlembi wa mpingo wadutsa kudzandipatsa moni. Wayima pafupi kwambiri. Sanakhalitse.

Nazale sindinathirire.

Lachinayi

Amayi a Mvano khumi ndi mmodzi afika atavala yunifolomu, kuchokera ku msonkhano wawo. Akhala pakhonde. Ayimba nyimbo ziwiri, ina ya munthu wosochera. Amayi apampando ati, "Bambo, tonsefe tikuwasowa anzathu aja. Koma njira si imeneyo."

Ndati tiyeni mukaone kumene kukupita mowawo.

Tazungulira galimoto. Ndapotoza kiyi. Yadzuka kamodzi n'kamodzi! Mawu osalala, opanda msomali ndi umodzi womwe. Ndaponda mafuta kawiri kuti amve bwino. Kachitatu yatsokomola, ekizozi yadontha madzi, yazima. Kachasu, ngakhale wamutu, theka lake ndi madzi. A Jelasi izi sanatchule.

Mayi wina kumbuyo wati, "Ngakhale galimoto yakana."

Apempherera ine, kenaka galimoto. Ponyamuka amayi apampando asuzumira pabalaza, aona mwala. Alowa, apukuta fumbi pa dzina ndi nsonga ya chitenje, atuluka. Andisiyira ufa ndi nyemba.

Kwabweranso kalata. Ndikaonekere pamaso pa akulu a mpingo Lachitatu.

Zotsala:
masiku awiri
petulo theka la chigubu
kachasu botolo limodzi, limene sindikudziwa koika

Lachisanu

Ndaganiza zongovomera tayimingi ija. A Jelasi kulibe. Ali pamzere wa feteleza kudepoti kuyambira dzulo, akazi awo akuti akasuntha ataya malo.

Pobwerera ndaima kwa mmisiri wa mabokosi kuti ndibwereke pampu ya matayala. Wamva nkhani yanga, monga wina aliyense. Akuti thina, wosungunulira penti uja, alibe madzi ngakhale dontho, ndipo amapirira kuposa petulo. Wandipatsa wa m'botolo la sikwashi. "Malemu ndinawakhomera ndine bokosi," wati, "tengani."

Ndatsukanso thanki. Ndathira.

Ndilembe bwinobwino, chifukwa zachitikadi. Galimoto yawoloka dambo, yakwera chitunda pa giya yachitatu, osagogoda. Pamwamba ndatsika, ndasiya injini ikulira. Kuyambira pamenepo munthu umaona zigafa za fodya mpaka kutali, ndi mitengo ya kwa Lukwa. Ndavula chipewa. Sindikudziwa chifukwa chake.

Ndikubwerera kwamveka fungo la labala. Thina wasungunula paipi ya mafuta, yasanduka ngati chingamu chotafuna. Wadyanso kachikopa ka m'pampu ya petulo. Galimoto yatsika chitunda yokha, yakaima pakati pa dambo. Kachikopa kotero mwina kangapezeke ku Lilongwe, kwa munthu wokalamba.

Ndaimbira alamu.

Ndati ng'ombe zibwere mawa m'mamawa, ndi tcheni. Ngolo itsale.

Ati: "Alamu, nkhani ija ya kwa Nachisale yafika kuno. Lero mwadyako kanthu?"

Ndabwereza kuti ngolo itsale.

Loweruka

Mwala ndaufikitsa kudambo pa wilibala. Alamu afika ndi ng'ombe ziwiri, Bulaki ndi Sikochi. Ayang'ana galimoto, ayang'ana ine. Amangirira tcheni.

Mwala tauika mpando wakutsogolo, taukuta bulangete. Galimoto iyi ilibe malamba, ndiye ndaumanga ndi chitenje kumpando. Galasi la mbali yake ndatsitsa theka. ANaphiri sankafuna fumbi, komanso sankafuna kutentha.

Alamu patsogolo ndi chikwapu, ine pachiwongolero. Pokhota ndikutulutsa dzanja monga mwa lamulo. Njinga zikutidutsa. Mayi wina wosenza nkhuni watidutsanso, kenaka wapuma, tamupeza, watidutsanso. Pachitunda Sikochi wagona kamodzi. Ndagwira buleki mpaka wadzuka.

Timayenera kufika eyiti koloko. Tafika dzuwa lili pamutu. Adzukulu akuti simenti yoyamba yauma, akanda ina.

Ndimayembekeza kuti anthu aseka. Ana aseka. Akuluakulu aimirira. Azakhali awo a aNaphiri, amene sakuonanso bwino, abwera ndi ndodo, agwiragwira chitseko, apisa dzanja pagalasi mpaka akhudza bulangete.

"Wabwera pa galimoto mwana wathu," atero.

Ndatsika, ndazungulira, ndatsegula chitseko.

Mwala waima mowongoka. Atandipempha kuti ndilankhule ndati zikomo nonse pobwera. Zina zimene ndinakonza zatsala.

Tisanamalize kudya kwamveka kuti feteleza wafika kudepoti. Alamu amasula ng'ombe n'kuthamangira kukamanga ngolo. Galimoto yatsala pansi pa muwanga, m'mphepete mwa manda. Ndabwerera pa kabaza.

Lamulungu

Kutchalitchi ndakhala benchi lakumbuyo. Palibe amene wandiuza kutero. Palibenso amene wandiitana kutsogolo.

Nazale yauma mbali imodzi. Fodya wa chaka chino akhala wochepa.

Okiteni inakwera kamodzi, Lachisanu, kwa mphindi ngati khumi.

Alamu aimba foni. Akufunsa kuti galimoto ndidzaichotsa liti. Tawerengera limodzi. Sabata ino ng'ombe zikututa feteleza wa anthu. Ikatha imeneyo, kulima. Ikagwa mvula dambo lidzadza, palibe galimoto yowoloka mpaka chimanga chitacha. Ndati ndiye ikhale kaye, ndaika miyala kumatayala.

Kumanda munthu salowa wamba. Pamafunika maliro kapena chiliza, ndi chilolezo cha amfumu, ndipo zathu zatha dzulo. Koma palibe mwambo woletsa munthu kukaona galimoto yake. Ukakhala pachiwongolero n'kupendekera pang'ono kumanzere, pakati pa mitengo iwiri, mwala umaoneka mbali ya pamwamba.

Ndawauza alamu kuti galimoto yakale siifuna kusiyidwa, matayala amafunika kuwaona Loweruka lililonse.

Ati, "N'zoona alamu. Muzibwera. Tizikusungirani pampu."