Ndinam'namizira Mlembi Wamkulu wa ku Mangalande

Pali zinthu zina ukazikumbukira uli wekha m'bafa umangofuula kuti "Mayo!" Changa ndi ichi. Amalawi a ku Indianapolis akuchidziwa kale, ndiye bola muchimve kwa mwiniwake ine.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo mumzinda wa South Bend, ku Indiana konkuno. Kuofesi anandipatsa mkulu wina, a Pulofesa Harmon. Bambo ameneyu moyo wake wonse anaphunzitsa za munthu mmodzi yekha: mlembi wa masewero wa ku Mangalande uja, wadazi uja, amene anatithetsa nzeru tonse ku sekondale. (Dzina lake sindilitchula. Ndam'lakwira mokwanira.) Mabuku onena za iye anali mbwee nyumba yonse, ndipo chiboliboli cha mutu wake chinali pamwamba pa shelefu, chikuyang'ana aliyense ngati woyang'anira mayeso.

Koma a Pulofesa anali atafooka. Mkazi wawo anali atamwalira, kenako iwo anadwala sitiroko. Kudya ankangolawa, kuyankhula ayi, ndevu kumeta ankakana.

Tsiku lina masana tikuonera nkhani pa TV, anaonetsa bwana wina wa kampani atolankhani atam'panikiza ndi mafunso, thukuta lili kamukamu. M'mutu mwanga munabwera mwambi wathu uja wakuti mutu ukakula sulewa nkhonya. Ndiye pofuna kuwasangalatsa, ndinautembenuzira m'Chingerezi chakalekale, chija cha m'Baibulo la makolo awo, n'kuunena ndi mawu a pachifuwa, dzanja lili m'mwamba.

A Pulofesa anatembenuka pang'onopang'ono. "Ananena mawu amenewo ndani?"

Apa mpomwe Satana anandilowa. Ndinaloza chiboliboli chija. "Si mkuluyo nanga?"

(Dziwani kuti buku la mkuluyu ku Fomu 4 sindinalimalize. Ndinakhoza mayeso ndi manotsi a mnzanga wa pabedi lam'munsi.)

"M'sewero liti?" anafunsa, maso ali gaa.

"Lija la mfumu lija."

"Mnzanga, masewero ake a mafumu ndi ambiri."

"Eya, limodzi mwa amenewo."

M'mawa mwake ndinawapeza atakhala patebulo, mabuku asanu ali otsegula, ndipo anali atadya mazira awiri. Mazira awiri! Anandiuza kuti asakasaka paliponse, mawuwo palibe. Munthu wanzeru akanaulula pomwepo. Ine ndinawonjezera nkhuni. Ndinati ndinawawerenga m'buku lina lakale lopanda chikuto limene amishoni anasiya mulaibulale ya pasukulu pathu.

A Pulofesa anatsala pang'ono kudzuka panjinga yawo ya olumala. Anandifotokozera kuti mlembiyu sanasindikize yekha ambiri mwa masewero ake. Anzake ndiwo anawasonkhanitsa iye atamwalira, ndipo mabuku akale amasiyana mawu apa ndi apo. Mwina amishoniwo ananyamula buku lokhala ndi mzere umene ena onse anautaya! Mwina ochita masewero akale ndiwo anauwonjezera! Mulimonsemo, anati, nkhaniyi ndi yaikulu.

Sabata imeneyo anameta ndevu. Anayamba kuimbira foni anzawo akale, kuseka, kukalipa, kupempha khofi wachiwiri. Mwana wawo wamkazi anandiimbira kuchokera ku Chicago akulira, kuti, "Mwawachita chiyani bambo anga? Abwerera!" Ndiye ndiuzeni, anthuni, mukanakhala inu mukanaulula? Ndipo ndisaname, nanenso zinkandikoma. Ndinayamba kuyenda ngati munthu wa madigiri atatu.

Kenako anandiuza kuti gulu la anthu okonda mlembiyu limakumana mwezi ndi mwezi mulaibulale ina ku Indianapolis, ndipo atipatsa mpata woyankhula Loweruka. Ndinadzilimbitsa mtima: azungu okhaokha, adziwa bwanji miyambi ya kwathu? Ndinasita suti yanga ya kutchalitchi. Panjira, maola onse atatu, a Pulofesa ankandiyeserera kanenedwe, ine ndikuyendetsa galimoto uku ndikubangula mwambi wa makolo anga m'Chingerezi pakati pa minda ya chimanga ya ku Indiana.

M'chipindamo munali anthu ngati makumi atatu, ambiri a imvi. A Pulofesa anayankhula bwino zedi: za mwana wa munthu wosoka magolovesi amene sanapite kuyunivesite, koma analemba za mafumu, zitsiru ndi okondana mwakuti mpaka lero dziko lonse likudzionabe m'masewero ake. Atatero anati, "Tsopano mnzanga wa ku Malawi akupatsani mphatso."

Ndinaimirira. Ndinakonza tayi. Ndinaunena mwambi uja mokweza, mpaka kugwira mutu ndi manja awiri. Anthu anaomba m'manja! Gogo wina kutsogolo anatseka maso n'kunena kuti, "Ndi iyeyo ndithu. Palibe wina angalembe choncho."

Ndiye kumbuyo kwenikweni kunamveka kuseka. Kuseka kwa kwathu, kuja koyamba ndi "Hede!" Mayi wina wa duku lofiira anaimirira akupukuta misozi. Ndinawazindikira: Mayi Chirwa a ku Beech Grove, anamwino, amene tinakumanapo pa mwambo wa ukwati ku Lafayette Square. Chimene sindinkadziwa n'chakuti kwathu anaphunzitsa mabuku a Chingerezi ku sekondale zaka khumi ndi ziwiri.

Anayankhula m'Chichewa, mokoma, ngati akundifunsa za ana. "Achimwene, mutu ukakula sulewa nkhonya? Ndiye mwaupatsa Mngelezi? Mukonifesa nokha, kapena ndiwatiransiletere ndine?"

"Mayi, chonde," ndinanong'ona, ngakhale maikolofoni anali pakamwa panga penipeni.

"Akuti chiyani mayiwa?" anafunsa a Pulofesa.

Ndinaulula. Zonse: za mwambi, za buku lopanda chikuto limene kulibe, mpaka za manotsi a mnzanga, zimene palibe anandifunsa. Gogo wakutsogolo uja anayamba kufunafuna chinachake m'chikwama chake, ndipo sanachipeze mpaka msonkhano unatha. A Pulofesa anangoyang'ana manja awo.

Tinayamba ulendo wobwerera. Ndinkaganiza za ntchito yanga, komanso, moona mtima, za mazira aja: kodi mawa adzadya? Tinadutsa tauni ya Kokomo. Kenako anati, "Unene m'chiyankhulo chako."

Ndinaunena.

"Bwereza." Ndinabwereza. Anayesa kuunena okha, lilime likupunthwa pa "nkhonya", kenako anayamba kuseka mpaka kutsokomola, ine mpaka kuimika galimoto pambali kuwapatsa madzi.

"Zaka makumi anayi ndikuphunzitsa," anatero, "ndipo wandipusitsa ndi munthu wosamaliza buku limodzi! Wandichititsa manyazi pamaso pa anzanga, usaganize kuti ndaiwala. Koma mkulu ujanso nkhani zake zambiri ankatola kwa ena. Akanaumva mwambi umenewu, akanauba tsiku lomwelo."

Sanandinenere kuofesi. Chilango anandipatsa okha: tsiku lililonse, tikatha mankhwala, ndiziwawerengera masewerowo mokweza, kuyambira loyamba mpaka lomaliza, ndipo ine ndiziwapatsa mwambi umodzi wa kwathu, woona, dzina la mwiniwake osasintha. Ndikalakwitsa katchulidwe ankamenya tebulo ndi supuni. Tinafika sewero lachisanu ndi chinayi ndisanasamukire ntchito ina, ndipo ndivomere, wadazi uja ankalemba. Pena ndinkalira ndithu, n'kunamizira chimfine.

Koma Mayi Chirwa sanandikhululukire msanga. Ndisanafike n'komwe ku South Bend nkhani inali itafika kale pa gulu lathu la WhatsApp, ndipo mpaka lero ndikalowa pa chinkhoswe kapena pamaliro, wina amakuwa kuti, "Afika a Pulofesa!"

Phunziro? Anthu amati ndinaphunzira kusanama. Mwina. Chimene ndikudziwa ine n'chakuti usanatsegule pakamwa m'chipinda chilichonse ku Indiana, uyambe wayang'ana mpando wakumbuyo. Pamakhala Mmalawi.