Katoni wa Pansi pa Lole

Lolemba

Lole ikudontha oyilo. Pomwe imagona pada bii. Loweruka ndiyenera kukwera nayo kuphiri kukatenga matabwa a denga la apongozi ku Zakazaka. Lakale linadyedwa ndi chiswe, tinaliphwasula, ndipo mitambo yayamba kale kusonkhana.

Zochita:
kutsuka injini ndi parafini
kuyala katoni pansi pake madzulo
m'mawa kuona pomwe dontho lagwera

Osathamangira kumasula zinthu.

Lachiwiri

Dontho lilipo, kukula kwake ngati chikhatho. Ndalowa pansi chagada. Bawuti yotsitsira oyilo yanyowa. Ndi yomweyi! Ndatsitsira oyilo m'beseni la akazi anga (sakudziwa), ndaika washala watsopano (kamphete ka pa bawuti), ndamanga, ndabwezera oyilo.

Mai a Dalitso, aneba okazinga mandasi, akuti: "Katoni wakudayu mukutaya, achimwene?" Ndawapatsa. Ndayala wina.

Lachitatu

Katoni woyera mbee! Ngakhale kadontho!

Ndaimbira apongozi. Akuti: "Mwachita bwino, bambo. Ine ndikugona m'khitchini ndi nkhuku."

Chimodzi chokha. Ndikukumbuka kuti dzulo ndinayala katoni wa sopo. Uyu ndi wa mabisiketi. Mwina ndi ukalamba.

Lachinayi

Woyeranso. Ndayendayenda ndi lole m'tauni, ikulira bwino.

Koma kachitsulo koyezera oyilo kakuonetsa kuti watsika. Sizingatheke. Lole imagona potsetsereka chifukwa sitata yolizira injini inafa kalekale, ndipo pa Chikanda pano palibe malo athyathyathya. Kachitsulo kakunama. Katoni sanama.

Lachisanu

Woyera.

Akazi anga: "Nanga fungo lopsererali?" Kenako: "Beseni langa latani?" Funso loyamba ndayankha kuti ndi parafini wotsalira. La beseni ndalizemba.

Oyilo sindikuwonjezera. Chinthu chosadontha uchiwonjezerenji?

Kuphiri mvula yagunda.

Loweruka

Ndanyamuka bwinobwino. Pakati pa chitunda, pokhota, getsi lofiira la oyilo layaka! Ndazimitsa msanga. Miyala kumatayala.

Ndasuzumira mu injini. Oyilo akuchucha kuchokera pamwamba penipeni: gasiketi yotsekera chivundikiro cha injini yang'ambika. Amatsetsereka m'mbali n'kukadonthera pa bawuti ija. Bawuti inalibe mlandu.

Zomwe ndili nazo:
sipanala
nsanza
washala wakale, m'thumba, wabwinobwino

Zomwe ndilibe:
oyilo
gasiketi
matabwa

Amayi osenza nkhuni akudutsa: "Pepanitu, a dalaivala." Anyani akhala pamwala, akungondiyang'ana.

Mvula! Ndatsika wapansi.

Lamulungu

Mvula sinakate. Khitchini ya ku Zakazaka yalowa madzi. Apongozi afika ndi zikwama ziwiri, wailesi ndi nkhuku zawo. Chipinda chathu tawapatsa. Ine pamphasa pabalaza.

Titaweruka kutchalitchi abwera Mai a Dalitso, katoni woyera m'manja. "Lole ili kuti, achimwene? Makala anyowa, mbaula ikukana. Katoni wanu uja amangoti lawi! M'mawa uliwonse ndimatenga wakudayo n'kukuyalirani woyera, kuti musavutike."

Ndawathokoza. Ndikanati chiyani?

Injini sinafe, ndinazimitsa nthawi yabwino. Gasiketi ndikafuna mawa. Matabwa, mvula ikadzapuma. Apongozi akuti tisadzivutitse ndi kufulumira, matiresi athu awayanja msana.

Mai a Dalitso katoni uja amusiya pakhomo. Akuti lole ikabwera ndidzawauze.