Masamba Khumi ndi Limodzi a Mayi Dorica

Kwa Olemekezeka Wapampando,
Bungwe la Tigwirane Manja la Amalawi a ku Glasgow

21 Okutobala 2024

Bwana,

Loweruka pa 14 Sepitembala, muholo ya tchalitchi ku Maryhill, tinalipo anayi: inuyo, Mayi Winifred asungichuma, a Spencer achiwiri anu, ndi ine mlembi. Ndinapereka m'manja mwanu mbiri ya zaka makumi awiri za bungwe lathu, masamba 46. Munandiyamikira kwa mphindi 25, n'kunena kuti ndine ngati mlembi wa mbiri wa ku China amene dziko likumutchulabe patatha zaka zoposa 2,000. Ine wa Sitandade 8 ndinasowa poyang'ana. Ndalemba poyera kuti mamembala onse aone kuthokoza kwanga.

1. Zikomo pondidziwitsa mkuluyu. Poti nkhani yake simunaimalize, ndinakafunsa mayi wina wa ku China amene timachapa naye zovala kunyumba ya okalamba ku Shawlands. Akuti analankhulirako mkulu wa asilikali amene anagonja kunkhondo, mfumu n'kupsa mtima. Pepani mawuwa: anamuthena. Ena akanasankha imfa, koma iye anameza manyaziwo kuti amalize buku limene bambo ake anamusiyira, mitu 130. Mpaka lero ana asukulu kwawoko amamuwerenga.

2. Zikomo kuti ndinu achifundo kuposa mfumu ija. Monga ndamvera, iyo inadula munthu, buku n'kupulumuka. Inu mwandisiya wathunthu, ndipo akazi anga akuti ndikupatseni moni. Mwadula buku lokha. Linabwerera kwa ine pa 11 Okutobala lili ndi masamba 39: anga 35, ndi anayi a zithunzi zanu.

3. Tsamba loyamba tsopano likuti munayambitsa bungweli ndinu mu 2004. Izi zandisangalatsa, chifukwa munafika kuno pa 19 Sepitembala 2011. Ndikudziwa poti sutikesi yanu ndinanyamula ndine kuchoka pa siteshoni ya basi ya Buchanan mpaka kwa Mayi Dorica, amene ankalandira Amalawi ongofika kumene, masitepe 54. Munagona pa sofa yawo masabata asanu ndi anayi musanapeze chipinda ku Hillhead. Kuyambitsa bungwe ku Glasgow munthu ali ku Zomba, kutatsala zaka zisanu ndi ziwiri kuti afike, ndi nzeru za ophunzira. Ife sitinafikeko.

4. Masamba munachotsawo anali ndi tinthu tating'ono. Anthu asanu ndi atatu amene anakumana pabalaza pa Mayi Dorica Lamulungu pa 7 Novembala 2004. Mayina a ophunzira 63 amene anagona pa sofa ija, lanu lili pa nambala 41. Maliro asanu amene mayiwa anaperekeza mpaka kumudzi. A Spencer andiuza kuti munati zimenezi sizikuoneka professional. Wamkulu salakwa.

5. Ndaonanso nsalu ya chikondwerero cha zaka makumi awiri cha pa 9 Novembala. Nkhope yanu ilipo kasanu ndi kamodzi pa chitenje chilichonse. Amayi akamanga m'chiuno n'kukhala pansi, ndawerengera kuti nkhope ziwiri zizikhala kunsi. Ulemu woterewu mfumu ya ku China sinaulandire.

Mayi Dorica tsopano ali m'chipinda nambala 12 kumene ndimachapa kuja. Mutu wayamba kuwathawa. Dzina langa analiiwala mwezi wa Juni, koma m'mawa uliwonse amandifunsa ngati alendo a pa basi tawachingamira, ndiponso ngati tawapatsa bulangeti. Adzukulu awo akabwera amayankha m'Chingelezi cha kuno, ndipo amadabwa kuti alendowo ndi ati. Ndinawalonjeza anawo kuti adzawerenga okha m'buku. Zimene agogo awo aiwala zinatsala pamasamba amenewo basi.

Tsono pempho langa ndi lochepa, Bwana, ndipo ndaligwadira. Buku likupita kosindikiza Lachisanu pa 25 Okutobala. Ngati pakufunikadi chodula, dulani ine. Chotsani dzina langa pachikuto, ulembi muwapatse ena. Kutchuka kwa zaka 2,000 munandilonjeza kuja tengani inuyo, mukusowa kuposa ine. Zithunzi zanu zinayi zikhale, ndipo mukafuna chachisanu ndili nacho: muli pa sofa, mwafunda bulangeti la Mayi Dorica.

Ine wantchito wanu wosayenera,

Zangaphee Henderson
Mlembi, mpaka mutanena zina

Ndinapereka masamba 46. Mwabweza 35. Otsala ndi 11, kuyambira tsamba 3 mpaka 13.