Mphuno ya a Hamilton

Ayi Lily, si a Selemani osoka nsapato, ndikunena a Hamilton a pafyumu, aja a pageti la msika! Sunamve? Tinaika Lachiwiri. Iwe, munthu uja mphuno inali yongokongoletsa nkhope!

Paja kale ankatsitsa nkhuni kuphiri panjinga. Tsiku lina mabuleki anakana pakona, iwo nkhongo pamwala, gwaa! Kuchipatala anawauza kuti mtsempha wa fungo waduka, sadzanunkhizanso kanthu. Ndiye pa mabizinesi onse a mu Zomba muno, iwo n'kusankha pafyumu! Amvekere, "Madokotala ndi ana. Ine kanyenya wa ku Songani ndimamumva ndili pompano."

Ankatsegula kabotolo, kutsinzina, kukoka mpweya: "Mmm, iyi ndi ya mabwana."

Ndiye ine ndi mnzanga Mariyah tinaviika matemba m'madzi masiku anayi, n'kuthira madziwo m'kabotolo kokongola.

"Ankolo, iyi ndi ya kunja, tayesani."

Anatsinzina. "Maluwa enieni! Isiyeni pompa."

Ife sitinkadziwa kuti Loweruka lake akupita ku Sadzi kukafunsira a Consolata, amayi amasiye aja a mandasi. Anadzithira jekete yonse, mpaka m'khwapa! Muminibasi kondakitala anayenda mutu uli panja. Agalu atatu anawaperekeza mpaka pakhomo.

Zotsalazi a Consolata afotokoza okha pamaliro, anthu kuseka mpaka abusa kubisa nkhope. Akuti anatseka mphuno ndi chitenje.

"Bambo, mwagona kudzala?"

"Ndi ya kunja iyi, mayi."

Mayiwo amvekere, "A Hamilton, ine ndimakufunani, koma wabodza ayi. Ingovomerani kuti simumva fungo, mawa lomwe mutumize ankhoswe."

Kungoti "eya" basi, Lily! Iwo anakweza mphuno m'mwamba, amvekere, "Mayi, ndiwo zanu zikupserera."

Pamoto panalibe ngakhale poto. Chitseko, phaa!

Nanga ukudziwa chawapha? Nyama ya dzana. Oyandikana nawo anawaletsa, iwo anainunkhiza n'kunena kuti ili bwinobwino.

Koma pomaliza a Consolata sanaseke. Anangoti, "Akanavomera, bwenzi ndikuwanunkhizira ine."

Pageti pano pali mayi wa tomato, palibenso wokuwa kuti "dzanunkhizeni, asisi!" Ine ndimadutsapo mothamanga. Mariyah akuti ndisamatchulenso za matemba.

Bwera Loweruka, tikumane kudepoti. Tikagule mandasi ku Sadzi, koma ukalankhule ndiwe. Ine mayi aja sindingawayang'ane kumaso.