Amake Dalitso Mulibe mu Kompyuta

Lolemba, Novembala 1997
Mbewu ya chimanga tigawa Loweruka ku kopaletivu yathu ya Kanakantapa. Mayina onse a alimi ali mu kompyuta yomwe anatipatsa azungu. Koma kufufuza dzina limodzi, mayo! Ndimalemba, ndikukamwa tiyi, ndikubwera, ikali kuganiza. Ba Tcheyamani akuti: “Mzere ukafika madzulo monga chaka chatha, ukalima kwanu.” Ndili ndi mantha, khasu sindilifuna.

Buku la kompyuta likuti ndipange indekisi, ndiko kuti mayina asanjike kuti makina asamawerenge onse kuyambira pamwamba.

Lachiwiri
Indekisi ya mayina a makolo yatheka. Liwiro lake, ee! Ndalemba Phiri, m’kuphethira kwa diso yanditulutsira a Phiri masikirini anayi. Mwa iwo ma Joseph asanu ndi awiri.

Lachitatu
Ndawonjezera maindekisi:
dzina loyamba
mudzi
nambala ya puloti
tchalitchi (bwanji osatero?)
Kufufuza tsopano ndi mphezi. Koma kulowetsa mlimi watsopano, makina akulira ngati chigayo chopanda dizilo.

Lachinayi
Ndikukonzanso zonse, magetsi zii! Pobwera, Phiri aliyense akukhala pa puloti 12. Ndatukwana pang’ono. Ndayambiranso, indekisi imodzi yokha basi.

Lachisanu
Kuyeserera. Kwabwera mayi wamasiye: “Nine Amake Dalitso.” Mulibe! Puloti inalembedwa m’dzina la malemu amuna awo. Ndafunsa dzinalo, andiyang’ana ngati ndawavula chitenje. “Ningatchule bwanji dzina la bamuna banga?” Ndipo mawa kubwera Amake uje, Atate ake uje, mudzi wonse. Palibe amene amayenda ndi dzina la pa kadi ya kopaletivu. Ndatha ine.

Loweruka
Mzere mpaka pa mjigo. Ba Mayi Njovu, amene amasesa ofesi ino chiyambire, aimika tsache pakhomo. “Sendera mwana wanga, iwe uzilemba chabe.” Munthu akangolowa, iwo andinong’oneza: “Uyu ni wa Lazaro Phiri, wamfupi uja wa ng’ombe zofiira.” Ine kulemba, makina kutulutsa. Amake Dalitso asenza thumba lawo. Isanakwane 13 koloko mzere watha! Ndakhala pansi pa simenti, ndaseka ndekha ngati wamisala.

Lamulungu
Kutchalitchi Ba Tcheyamani ayamika kompyuta pamaso pa anthu onse. Ntchito ilipo, mtima uli m’malo, ndagona masana mpaka thukuta.

Potuluka m’tchalitchi muja ndathokoza Ba Mayi Njovu ndi manja awiri. Akuti akakolola apita kukakhala kwa mwana wawo ku Kafue, sabweranso.

Ndagula kope lalikulu. Kuyambira mawa ndizikhala pa mphasa pawo, iwo kutchula mayina a anthu, ine kulemba, nyumba ndi nyumba. Akuti ndibwere ndi shuga, ndipo kompyuta ndiisiye ku ofesi, imawachedwetsa.