Kulira kwa Galimoto Yobwereka

Mpaka lero ndikamadutsa pa galaja ina pa boma la Dedza, amakaniko amasiya ntchito n'kuyamba kulira ngati nkhumba. Sindiwakwiyira, ndinaziputa ndekha.

Chaka chatha, nthawi yokumba mbatatesi, ndinaperekeza mayi akunyumba kwawo kwa Kaphuka. Ndinali nditatopa nako kufika kwa apongozi pa kabaza, fumbi mpaka m'nsidze, ndiye ndinabwereka galimoto kwa mnzanga wakuntchito, a Chisale. Pondipatsa makiyi anangoti, "Ibwere mmene yapitiramu." Kumudzi anthu atayamba kunong'onezana kuti mkamwini wagula galimoto, ine sindinavomere, komanso sindinakane (ndinangotulutsa kampango n'kumapukuta galasi).

Mayi akunyumba anatsalira kuti athandize kumunda, ine ndinatsanzika masana. Apongozi anga aakazi ndi achikale, sayang'anana ndi mkamwini. Moni amapereka atagwada patali, nkhope atalozetsa kumbali. Choncho pamene ndinkadya m'nyumba, iwo anatuma alamu anga kukalongeza mphatso kubuti. Ine ndinangomva kuti muli mbatatesi.

Nditangokhota pakona yoyamba, ndinamva "kwiii!" Nditawongola, zii. Pakona yachiwiri, "kwiii!" kachiwiri. Maganizo onse anali pa a Chisale. Ndinaima, n'kutsegula boneti, n'kuyang'anamo nthawi yaitali manja ali m'chiuno (chomwe ndimadziwa m'menemo ndi pothira madzi basi).

Nditafika pamsewu wa tala ndinafunsa dalaivala wa minibasi. Asanaiyang'ane n'komwe anati, "Mafuta a chiwongolero atha amenewo." Ndinagula, ndinathira mpaka kusefukira. Pokhota kulowa mumsewu, kwiii. Bambo wina wopopa matayala anati vuto ndi mpweya, anapopa onse anayi. Kulira kunangowonjezeka.

Pa boma ndinalunjika kugalaja kwa a Josamu, makaniko wamkulu amene ali ndi mbiri yoti amadziwa matenda a galimoto ndi khutu. Nditawafotokozera anati ndi lamba wa injini, wakutha amalira chomwecho munthu akamakhota. Anachotsa wakale, anaika watsopano. Ndinathokoza, ndinaliza galimoto, ndipo pokhota pageti pawo pomwepo, kwiii!

Ndinabwerera nditalusa. "Mwandiikira lamba wakutha inu! Mukuona ngati galimoto sindiidziwa?"

A Josamu anapukuta m'manja, analowa m'galimoto, n'kundiuza kuti tizungulire kumsika. Pakona anapendeketsa mutu n'kumvetsera.

"Bwana, injini ya galimoto yanuyi ili kutsogolo kapena kumbuyo?"

"Kutsogolo."

"Nanga bwanji ikulirira kumbuyo?"

Tinabwerera kugalaja, ndipo anatsegula buti amakaniko onse ataunjikana. Pakati pa matumba awiri a mbatatesi panali kamwana ka nkhumba, kali m'thumba lakelake, mutu katatulutsa pachiboo. Ndikakhota, matumba aja ankakunkhulika n'kukapanikiza, ndikawongola ankakasiya. Zomwe kanachita m'butimo chifukwa cha mantha sindingazilembe pano.

"Iyi sitikonza kuno," anatero a Josamu. "Pitani nayo kwa alangizi a ziweto."

Anthu anaseka mpaka kugwira m'mimba. Manyazi anandigwira kwambiri, makamaka poti ine ndinakula ndikupatsa nkhumba gaga m'mawa uliwonse. Zaka zochepa za pa boma, kulira kwa nkhumba ndayamba kukutcha lamba.

Ndinaimbira mayi akunyumba. Anati, "Ine ndimayesa amayi akuuzani."

"Akanandiuza bwanji poti sitiyankhulana?"

"Iwonso amayesa ndakuuzani ine. Kali moyo koma?"

Za ine sanafunse.

Buti ndinalitsuka katatu ndi sopo, koma fungo linakana. A Chisale atatsegula chitseko ananunkhiza kamodzi n'kundiyang'ana, ndiye ndinaulula zonse. Anathokoza chifukwa cha lamba watsopano, kenako anaika makiyi m'thumba. Kuyambira tsiku limenelo ndikangotchula za ulendo, amayamba kukamba za mvula.

Kankhumba kaja kanakula bwino, ndi kakakazi. Kwa Kaphuka mpaka pano amadziwa kuti mkamwini wawo ali ndi galimoto, chifukwa sindinapezebe mpata wabwino wokonza nkhaniyo. Sabata yathayi apongozi atumiza uthenga kudzera kwa mwana wawo, akuti apeza nkhumba yamphongo, ndipite ndi galimoto yanga ija ndikaitenge.

Ndayankha kuti ili kugalaja.