Mano Anayi Amene Anasowa mu Difu ya Galimoto Yanga

3 Okotobala: matayala aakulu anayi, 480,000
17 Okotobala: kumvetsera kulira kwa galimoto, 25,000
24 Okotobala: magiya a difu yakumbuyo, 310,000
24 Okotobala: magiya a difu yakutsogolo, 310,000
25 Okotobala: maberingi ndi timawashala, 145,000
26 Okotobala: oilo, 38,000
28 Okotobala: ntchito ya amakaniko, 420,000
28 Okotobala: "zina ndi zina", 22,000

Kwa Bwana Mkulu,
Galaja ya Matope Sitiopa.

Wolemekezeka Bwana,

Ndine mayi wokalamba uja amene anakhala pabenchi m'galaja yanu masiku asanu, kope ndi pensulo zili m'manja. Ndinaphunzitsa masamu zaka 34 ndipo chizolowezi sichinandichoke. Ndimawerenga masitepe, masupuni, ngakhale kutsokomola kwa anthu m'tchalitchi. Ndalemba poyera chonchi kuti anthu onse amve mmene ndikukuthokozerani.

Galimoto ija, yokoka ndi magudumu onse anayi, anandisiyira malemu amuna anga. Amandiyendetsa ndi mkamwini wanga, munthu wabwino koma wosachedwa kutengeka. Ulendo wathu ndi umodzi: Lachinayi lililonse kuchipatala kukapimitsa kuthamanga kwa magazi, makilomita 8 kupita, 8 kubwera, phula lokhalokha. Ndalama zili pamwambazi ndinkasungira malata. Denga la chipinda changa chogona limadontha malo asanu ndi awiri, pomwe zidebe ndili nazo zisanu ndi chimodzi.

Tsopano mundilole ndiyamike mwadongosolo.

1. Zikomo chifukwa cha matayala. Mkamwini wanga anabwera kudzangomatitsa tayala limodzi lophwa, ndipo anyamata anu anamutsegula maso kuti galimoto yotere pa matayala aang'ono n'chimodzimodzi mwamuna wovala nsapato za mwana. Lero galimoto inakwera masentimita asanu, koma mawondo anga sanakwere nayo. Ndimalowamo poponda kampando ka kukhitchini, ndipo kampandoko timayenda nako.

2. Zikomo posuntha chipatala. Matayala atangolowa, mita ya galimoto inayamba kunena kuti ulendo wathu ndi makilomita 7. Zaka zonsezi palibe amene anakwanitsa kundiyandikitsira chipatala, inu munachita masana amodzi.

3. Zikomo pomvetsera. Pa matayala atsopanowo galimoto inayamba ulesi. Pachitunda cha pamsika tinapitiriridwa ndi njinga zitatu, ina itanyamula matiresi. Titabwerera kwa inu, makaniko wamkulu anaika khutu pa galimoto masekondi 50, n'kunena kuti magiya a m'difu, bokosi lopititsa mphamvu ya injini kumagudumu, sakugwirizananso ndi matayala. Izi ndi 500 pa sekondi. Dokotala wanga amandimvetsera pachifuwa mphindi zitatu, koma sanafikepo pamtengo umenewo. Ndakhala ndikudzifunsa ngati nzeru imeneyi munalibe pa 3 Okotobala, tsiku logulitsa matayala, koma ndikhulupirira inabwera m'kati mwa mwezi.

4. Zikomo pondiphunzitsa kuti difu zilipo ziwiri. Ndinapempha kuti tiyambe ndi yakumbuyo, yakutsogolo idikire malata. Munandifotokozera mwachifundo kuti tikatero, tsiku lokoka ndi magudumu onse, akutsogolo ndi akumbuyo adzakangana liwiro mpaka china chidzathyoka. Tsiku limenelo silinafikepo chimwalirire amuna anga, komabe ndagona bwino podziwa kuti likadzafika m'banja la magudumu mudzakhala mtendere.

5. Apa ndiye pagona mtima wa kalatayi. Magiya akale atatulutsidwa, munawayala patebulo pafupi ndi atsopano, amakaniko n'kupita kukadya. Ine ndinasendera ndi pensulo yanga. Mu difu iliyonse muli giya yaikulu yonga mbale ndi kagiya kakang'ono koizungulitsa. Yaikulu yakale inali ndi mano 41, kakang'ono 11. Yaikulu yatsopano, 41. Kakang'ono katsopano, 9. Ndinapukuta magalasi n'kuwerenganso katatu. Difu yachiwiri, chimodzimodzi.

Ndiye kuti galimoto yanga inalowa kwa inu ndi mano 104, inatuluka ndi 100. Popatula matayala, ndinalipira 1,270,000. Tikagawa pa mano anayi, dzino lililonse linachoka pamtengo wa 317,500. Wozula mano amene anandizula awiri chaka chatha analandira 15,000 pa dzino, anandibaya jakisoni wa dzanzi, ndipo manowo anandipatsa m'kapepala kuti ndipite nawo kunyumba. Kwa inu dzanzi ndinalipeza ndekha poona lisiti.

Makaniko wamkulu anandiuza kuti mano akachepa mphamvu imachuluka. Ndinayamikira kwambiri mawu amenewa, poti ine ndatsala ndi 19, ndipo ndikudikira mphamvuzo tsiku lililonse. Nditapempha magiya akale, anati lamulo la kampani sililola zitsulo zakale kutuluka pageti. Ndi lamulo lokongola. Mwina ndi lomwe limasunganso "zina ndi zina", zimene ndazifunafuna pansi pa galimoto ndi tochi koma sindinazione.

6. Zikomo pobweza chipatala, ngakhale munapyola nacho. Chiikireni magiya atsopano, mita ikunena makilomita 8 ndi theka. Anamwino akukana kuti sanasamuke.

7. Zikomo chifukwa cha kapepala ka malangizo. Kakuti magiya atsopano ayenera kuzolowerana: makilomita 800 oyamba tiyende pang'onopang'ono, osakoka ngolo, kenako tibwere kudzasintha oilo, 38,000 ina. Pa makilomita 16 pa sabata, amenewa akanakhala masabata 50. Koma poti munakankhira chipatala kutali, ndi masabata 47 ndi kachidutswa. Mwandipulumutsira pafupifupi masabata atatu, ndipo pa zaka 78 munthu sanyoza mphatso yotere. Za ngolo musade nkhawa. Inali yoti ikatenge malata.

Mkamwini wanga ndi wokondwa kwambiri. Akuti tsopano galimoto ikhoza kukwera mwala waukulu ngati tebulo. Tayendera msewu wonse wakuchipatala, mwala wotero sitinaupeze. Lachinayi lapitali anakwera dala kamulu ka mchenga pageti la anansi, ndipo tsopano sitikulankhulana nawo.

Pempho langa, Bwana, ndi laling'ono. Sindikufuna kuti mubwezeremo magiya akale, chifukwa ndikudziwa kuti thukuta la anyamata anu ndi 420,000 ulendo uliwonse. Ndikungopempha mano anga anayi. Muwaike mu envulopu, mulembe dzina la galaja pamwamba. Ngati lamulo la pageti likukaniza, ndilandira mtengo wake umene munauika nokha, 317,500 lililonse, ndipo malata ndikagula ndekha.

Zonsezi zikakanika, sindidandaula. Ndaona kuti pa katundu wanga yense, denga losadontha ndi la galimotoyi. Mvula ikangoyamba ndisamutsiramo matiresi, kampando ndi kope langa, ndipo mkamwini adzandiimika pakhomo pa galaja yanu, pomwe pali konkire yabwino. Kasitomala aliyense wolowa ndidzamulonjera mwaulemu, n'kumubwereka pensulo.

Kuwonkhetsa komaliza:
Zolipira zonse: 1,750,000
Mano olowa: 104
Mano otuluka: 100
Malata ogulidwa: 0
Malo odontha: 7
Zidebe: 6

Ndine wanu wogonjera ndi woyamika mopitirira muyeso,

Mphunzitsi wa masamu wopuma pantchito,
mwini galimoto ya mano 100 ndi kamwa ya mano 19.